Penti wa pichesi pabalaza ku Mangochi, atuluka bwanji pakhoma?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwa Mponda: "Bambo akunyumba ali ku Joni, atumiza ndalama zoti timalizitse nyumba Eid isanafike. Ndaona pa Facebook mtundu wina wa penti, si kirimu si pinki, uli pakatikati, akuti pichesi wopita ku beji. Ndaukonda koma achemwali anga ku Namwera anapenta wofanana nawo ndipo pakhoma unatuluka pinki weniweni. Pabalaza panga mawindo ayang'ana kumadzulo, pansi ndi simenti yofiira, pulasitala ndi watsopano. Ndipente? Nanga sawonjezera kutentha?"

Mayi, pentani ndithu, mtunduwo ndi wabwino ndipo umagwirizana ndi nyumba za kuno kunyanja kuposa gireyi amene anthu akuthamangira masiku ano. Koma musagule umene mwaona pa foniwo. Mukafika ku hadiweya akakupatsani kakhadi ka mitundu, pezani umene mtima wanu wagwerapo, kenako musunthe chala mupite pa mnzake amene ali wopepukirako komanso wozimirira, woti mukamuyang'ana pakhadipo mukuona ngati alibe moyo. Ameneyo ndi amene pabalaza panupo adzatuluke pichesi amene mukumufunayo. Ndifotokoza chifukwa chake, chifukwa pa zinthu zitatu zimene mwatchulazo, mawindo akumadzulo ndi simenti yofiira zonse zikukankhira mtunduwu mbali imodzi, ndipo pulasitala watsopanoyo ali ndi nkhani yakeyake.

Mtundu uwu amaupanga pa penti woyera, amathiramo chikasu, kenako kofiira pang'ono, kenako kadontho ka mtundu woderako koti kauziziritse. Akaupanga bwino umaoneka ngati tiyi wothira mkaka wambiri amene wangofiirirako pang'ono. Vuto lake ndi loti uli pamalire, kofiira kakangochuluka pang'ono basi wapita ku pinki, chikasu chikachuluka wapita ku olenji kapena kirimu wa m'makalasi uja, ndipo sikuti zimachuluka m'ndowa mokha ayi, kuwala kolowa m'nyumba nakonso kumawonjezera. Achemwali anuwo mwina sanawanamize ku shopu, n'kutheka anawapatsa ndendende umene analoza, kungoti kakhadi ndi kakang'ono ndipo kazunguliridwa ndi pepala loyera, pomwe khoma ndi lalikulu ndipo makoma anayi amaponyerana mtundu, ili likuwalitsira linzake, ndiye mphamvu yake imakwera. Za pa Facebook zo ndiye musadalire n'komwe, chithunzi chimodzi chomwecho pa foni yanu ndi pa foni ya mwana wanu chimaoneka mosiyana, osanenanso zoti ojambula amakonza kuwala asanaponye.

Tiyambe ndi mawindo. Dzuwa la madzulo ndi lofiirira kale palokha, kuyambira cha m'ma 3 koloko mpaka kulowa, ndiye likamenya khoma la pichesi mtundu umapsa, khoma loyang'anizana ndi windolo limatha kuoneka olenji. Ena zimawasangalatsa, ine ndemwe ndimazikonda zikakhala zapang'ono, koma mu Okutobala ku Mangochi kuno thukuta lili kamukamu, maso safuna kuona khoma loyaka. M'mawa chipinda chomwecho chimakhala pamthunzi ndipo mtundu umagwa, umaoneka beji wamba. Ndiye dziwiranitu kuti mukhala ndi makoma osinthasintha pa tsiku, ndipo posankha muganizire nthawi imene mumakhala pabalazapo kwambiri, imene kwa ambiri ndi madzulo ndi usiku.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu owerenga malangizo pa intaneti. Ambiri olemba zimenezo ali ku Ulaya kapena ku America, ndiye amati chipinda choyang'ana kumpoto n'chozizira, chimafuna mtundu wofunda. Kwa ife ndi mosemphana, tili kum'mwera kwa equator, miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsira chakumpoto makamaka Juni ndi Julayi, limangobwera pamutu penipeni cha kumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale, n'kupendekerako pang'ono kum'mwera nthawi ya Disembala ndi Januwale. Choncho kuno chipinda chimene sichiona dzuwa kwenikweni ndi cha mawindo akum'mwera, ndipo m'menemo ndi mmene pichesi amachita zodabwitsa, mungathe kuikamo wamphamvuko osaopa. Ngati muli ndi chipinda chogona cha mbali imeneyo, umene mwaukonda pakhadi uja kaikeni kumeneko.

Tsopano simenti yofiira, imene kwa ine ndi nkhani yaikulu pa funso lanu. Pansi pofiira popakidwa polishi n'kukwechedwa bwino pamawala, dzuwa likagwerapo limadumphira kukhoma litatenga kufiira kuja, ndipo mukayang'anitsitsa m'nyumba zotere muona kuti chigawo cham'munsi cha khoma ndi chapinki kuposa cham'mwamba ngakhale penti ndi mmodzi. Ndikuganiza kuti kwa achemwali anu zinayendanso choncho ngati pansi pawo ndi pofiira. Sindikuti muswe simenti ayi, pansi pofiira ndi pabwino, pamazizira kuphazi ndipo sipavuta kukolopa. Kungoti kofiira muli nako kale m'nyumba mwaulere, ndiye musakagulenso kena m'ndowa. Uzani wosakaniza kuti mukufuna wopendekera ku beji, wa mchengamchenga, pichesi angomveka patali. Mukadzaika matailosi mtsogolo muno, a kirimu kapena a mtundu wa thabwa ndi amene amayenda naye. Matailosi a gireyi wopita ku buluu aja amachititsa khoma la pichesi kuoneka pinki kwambiri chifukwa diso limafananiza ziwirizo, ndiye ngati munali ndi maganizo amenewo sankhanipo chimodzi.

Usiku mwini mtundu ndi babu. Pabokosi la babu la LED amalembapo nambala yothera ndi K. La 6500K ndi loyera mopita ku buluu, ndi limene lili mbwee m'mashopu ndipo nyale zambiri za sola zimawala choncho, pansi pa limeneli pichesi amafa, amaoneka wotuwa, nthawi zina ngati khoma lada. La 2700K kapena 3000K ndi lachikasu, limamukoka kupita ku olenji. Ine pabalaza potere ndimakonda la 4000K likapezeka, likasowa ndiye 3000K koma pa penti wozimirira uja. Chofunika n'choti mababu onse a chipinda chimodzi akhale ofanana, osati ili loyera ili lachikasu, khoma limaoneka ngati munapenta ndi ndowa ziwiri zosiyana. Ndipo poti magetsi amathima, yesaninso ndi nyale imene mumayatsa akathima.

Kuyesa kwake kuli motere, ndipo apa musaumire, ndalama ya lita imodzi ndi yochepa poyerekeza ndi kulira ndi ndowa ya malita 20. Gulani tizitini ting'onoting'ono ta mitundu iwiri kapena itatu yoyandikana. Pezani zidutswa za silingibodi kapena pulaiwudi zotsala pomanga, chilichonse chisachepere theka la mita mbali zonse, pakani zoyera kaye kenako makoti awiri a mtunduwo, kumbuyo mulembe dzina ndi nambala yake ndi makala. Zisiyeni ziume tsiku lathunthu, penti wamadzi akauma amasintha, nthawi zambiri amaderako pang'ono. Kenako muziimika, osati kugoneka, tsamiritsani kukhoma loyang'anizana ndi windo chitakhudza simenti yofiirayo, bwererani mpaka pakhomo muyang'ane. M'mawa mukamamwa tiyi, masana, cha m'ma 4 koloko dzuwa litalowa m'nyumba, ndi usiku babu litayaka. Mawa lake musunthire pakona yamdima ndi pakhoma la windo lenilenilo, chifukwa khoma limene pali windo ndi limene limaoneka lodera kuposa onse. Bweretsaninso pilo ya sofa ndi nsalu ya katani muike pambali. Chimene chakusangalatsani 4 koloko ndi usiku, chimenecho ndiye chanu, ngakhale m'mawa chikuoneka chofooka.

Za kutentha musade nkhawa. Penti wa m'kati mwa nyumba sawonjezera kutentha koti thupi n'kumva, makamaka wowala chonchi. Chimene chimaphika anthu ku Mangochi ndi malata opanda siling'i, mawindo ang'onoang'ono osayang'anizana, ndi dzuwa lamadzulo lolowa mwachindunji. Ngati ndalama ya ku Joni ikulola, siling'i ndi imene ingakusinthireni moyo, ndi khonde kapena mtengo wa mthunzi mbali yakumadzuloyo. Kumene mtundu uli ndi ntchito pa kutentha ndi kunja, khoma lakunja ndi denga zikakhala zowala zimabweza dzuwa, zakuda zimamwa. Chilipo n'choti maso amanyengeka, chipinda cha olenji chimamveka chotentha mumtima ngakhale mpweya uli chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndikukakamira pa wozimirira.

Pulasitala watsopano ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa apa ndi pamene nyumba zambiri za kuno zimaonongekera, makamaka zomangidwa mothamangira tsiku. Simenti yatsopano imakhala ndi madzi m'kati komanso ndi yaukali, imawotcha penti. Mpatseni milungu inayi, masiku 28, ndipo ngati anapaka nthawi ya mvula muonjezereko. Mukathamanga, pakatha miyezi ingapo muona zigamba zotuwa, penti akufufuma, kwina akusenda, ndipo pa mtundu wa pichesi zigambazo zimaonekera patali kusiyana ndi pa woyera. Njira yophweka yodziwira ndi iyi, dulani pulasitiki yoonekera m'kati kukula ngati mpango wa m'manja, imateni pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi mpweya usalowe, cham'munsi pafupi ndi pansi, muisiye usiku ndi usana. Mukapeza thukuta kuseri kwake kapena pulasitala wada pamalopo, khoma silinaume. Ngati masiku a Eid sakukwana, bola alendo apeze pulasitala wosalala ndi makatani abwino kusiyana ndi kupenta kawiri.

Kenako pali mchere. Madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja ndi mwa Shire madzi ali pafupi pansi, ndipo zitsime ndi mijigo ina madzi ake ndi amchere, omanga amakandira matope ndi madzi omwewo. Chinyontho chikamakwera m'khoma chimanyamula mcherewo n'kuusiya pamwamba, ndi ufa woyera uja mumauona cham'munsi mwa makoma, ukaukhudza ukuyoyoka. Mmene nyanja inakwerera mu 2024 madzi n'kulowa mpaka m'malo ogona alendo a m'mphepete, nyumba zambiri zoyandikira zinayamba kuonetsa zimenezi. Mukauona musautsuke ndi madzi, mumangoubwezera m'kati, ukwecheni wouma ndi bulashi yolimba, dikirani masiku angapo muone ngati ukubwerera. Ukamabwerera ndiye kuti vuto si la penti, funsani amene anamanga ngati anayala pulasitiki yakuda pa fawundeshoni, muonenso ngati madzi a padenga sakugwera m'tsinde mwa khoma. Palibe penti, kaya wodula bwanji, amene angagonjetse khoma lomwa madzi pansi.

Khoma likauma, sandipepa pang'ono kuchotsa mchenga wosagwira, ming'alu itsekedwe ndi fila, fumbi lipukutidwe, kenako pulasitala pulaima, amene amapangidwira kupirira ukali wa simenti. Apa apenta ena adzakuuzani kuti palibe chifukwa, angosungunula PVA wotchipa, penti wamadzi wamba uja, ndi madzi ambiri ngati koti yoyamba. Pa khoma louma bwino la m'chipinda zimatheka, sindikana, koma pa nyumba yatsopano ya kunyanja ine sindingavomere. Ndipo ngati pali chipinda chakale chimene chinapakidwa laimu, laimuyo achoke kaye, penti sagwira pa laimu, amasenda naye limodzi.

Mtundu wa penti wake, pabalaza tengani wamadzi wotsukika, amene amalemba kuti washable kapena sheen. PVA wamba wotchipa uja ukapukuta ndi kansalu konyowa amatsalira pakansalupo, ndiye ndi ana, fumbi la mwera, ndi manja a alendo pafupi ndi switchi, pakutha pa chaka khoma latha. Wa sheen amawala pang'ono choncho amaulula pulasitala wokhotakhota dzuwa likamenya cham'mbali, ngati omanga anu dzanja silinali losalala tengani matt, wosawala uja, koma wotsukika. Makampani onse odziwika, kaya Rainbow, Plascon kapena Dulux, ali ndi magulu otchipa ndi odula, ndipo dzina la mtundu limasiyana kampani ndi kampani, choncho gwirani nambala osati dzina. Gilosi wamafuta khoma lonse ayi, amanyezimira mopweteka maso ndipo amatsekera chinyontho m'kati mpaka kutupa matuza. Malo ake ndi zitseko, mafelemu ndi kamzere kam'munsi. Pogula wamafutayo funsani wolembedwa kuti alibe mtovu, chifukwa penti wina wamafuta makamaka wachikasu ndi wofiira amakhala nawo ndipo ndi woopsa kwa ana aang'ono amene amatola tizidutswa n'kuika m'kamwa.

Kamzere kam'munsiko anthu anazolowera kupaka kakuda kapena kofiira. Pa pichesi ine ndimakonda bulauni woderako, wa khofi, chifukwa amalekanitsa khoma ndi simenti yofiira ija ndipo amabisa madontho a pokolopa. Zija zogawa khoma pakati, m'munsi gilosi m'mwamba PVA, zisiyireni kolido ndi khitchini.

Kuchuluka kwake tiwerengere limodzi. Tinene kuti pabalaza ndi mamita 4 kwa 5, kutalika kwa khoma mamita 2.7. Kuzungulira ndi mamita 18, kuchulukitsa ndi 2.7 zikupereka masikweya mita pafupifupi 49, tichotsepo 6 a chitseko ndi mawindo, atsala 43. Lita imodzi pa khoma losalala lopakidwa pulaima imayenda masikweya mita 8 kapena kuposerako pang'ono, pa lokhakhala imachepera, ndiye koti imodzi ndi malita 5 ndi theka, makoti awiri 11. Onani kuti zitini ziwiri za malita 5 zikuperewera pang'ono, ndipo apa ndi pamene mpenta amathira madzi kuti akwanitse, mtundu n'kutuluka wamawangamawanga. Bola ndowa ya 20 mupitirize nayo kolido. Madzi othira asapitirire zimene zalembedwa pandowapo, ndipo muzikhalapo potsegula ndowa, si kuti apenta tonse ndife akuba koma diso la mwini limathandiza.

Ngati mukugula ndowa zingapo, zisakanizidwe tsiku limodzi pa makina amodzi, ndipo musanayambe muziphatikize zonse m'chidebe chachikulu n'kutakasa bwino, chifukwa ndowa ziwiri za nambala imodzi zimatha kusiyana pang'ono ndipo pa mtundu uwu pang'ono pomwepo pamaoneka. Zoti mpenta agule woyera ndi timabotolo ta tinti asakanize yekha ndi diso, pa buluu kapena girini mwina, koma pa pichesi ndakana, akatha penti pakati pa khoma sadzaupezanso. Ngati pa Boma simukupeza makina osakanizira, tumani wopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi nambalayo, ndalama ya transipoti siifika pa ya kupentanso.

Nthawi yopentera, m'mawa kusanatenthe. Khoma likatentha penti amauma rola isanabwerere ndipo mizere imatsalira, choncho khoma lililonse limalizidwe kuchoka pakona kufika pakona osapumira pakati. Pakati pa koti yoyamba ndi yachiwiri dikirani maola amene alembedwa, ambiri amati 2 mpaka 4, ine kukakhala chinyezi ndimagonetsa mpaka mawa. Tsiku la mwera wamphamvu tsekani mbali yochokera mphepo fumbi lisamatirire. Ndipo madzulo musayatse babu m'chipinda chimene penti sanaume mawindo ali otsegula, tizilombo ta kunyanja timathamangira kuwala, m'mawa mudzapeza khoma lonse lili ndi timadontho takuda tomatirira. Chinanso chimene anthu amaiwala, ngati kwanuko azaumoyo amabwera kudzapopera mankhwala a udzudzu m'makoma, pentani asanabwere, mukapenta pambuyo mwakwirira mankhwalawo ndipo sagwiranso ntchito.

Zoyenda naye sizovuta. Siling'i ikhale yoyera, koma yoyera mofewa, osati yopita ku buluu. Mafelemu a mawindo oyera kapena bulauni. Mipando ya thabwa ngati mlombwa kapena mbawa yopakidwa vanishi imakhala bwino kwambiri, chimodzimodzi mipando yoluka, mikeka ndi madengu a mlaza amene amagulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, zimenezi pa khoma la pichesi zimaoneka zodula kuposa mtengo wake. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'choti munthu akakonda mtundu amagula makatani a pichesi, maluwa apulasitiki a pichesi, nsalu ya patebulo ya pichesi, chipinda chonse n'kukhala phala. Pamafunika chinthu chozizira choti chitsutse, girini woderako wa masamba, kapena buluu wakuda, pa mapilo kapena chitenje chimodzi chopachika bwino. Makatani a mawindo akumadzulowo akhale a kirimu kapena oyera okhuthala, mukaika ofiira, a maruni kapena agolide dzuwa likadutsamo chipinda chonse chisanduka mtundu wa kataniyo. Masofa akakhala a bulauni kapena akuda muli bho. Akakhala a maruni, amene ndikudziwa kuti ambiri kuno timawakonda, ndiye pendekerani ku beji kwambiri chifukwa zofiira zachuluka kale. A gireyi amatheka ngati gireyi wake ndi wofunda, wopita ku bulauni.

Kukhitchini ngati mumaphikira makala m'nyumba musaike mtundu uwu, utsi umausandutsa wachikasu chodetsedwa msanga, ndipo kubafa chofunika ndi penti wopirira chinyezi ndi windo lotseguka kuti chuku chisamere, mtundu ubwere pambuyo.

Ntchito ikatha musalole kuti wotsala apite ndi mpenta. Thirani lita imodzi kapena awiri m'chitini chotseka bwino, mulembepo nambala ya mtundu, kampani ndi chipinda chimene munapaka, muike pamthunzi osati m'kachisakasa ka malata kotentha. Pokonza pamene pakandika gwiritsani karola kakang'ono osati bulashi, ndipo pakakhala pakati pa khoma loonekera kwambiri ndi bwino kubwereza khoma lonselo kuchoka pakona kufika pakona, chifukwa khoma loyang'anizana ndi mawindo akumadzulo likamenyedwa ndi dzuwa chaka chimodzi limakhala litafwifwako kale ndipo chigamba chatsopano chimaonekera.